Diso la Amayi Likudikira Mawu Anu

Lirangwe,
17 Ogasiti 2021

Okondedwa achimwene a Lyford,

Ndikhulupirira Ambuye akukusungani bwino ku Joniko. Ndalemba pamanja kuti ndijambule n'kukutumizirani pafoni.

Amayi agonekedwanso m'chipatala ku Blantyre. Kuno ndangobwera kudzatenga zovala zawo, ndibwerera pa minibasi masana ano.

Paja atachira korona ndinakuuzani kuti zonse zili bwino. Sindinanene zonse. Powatulutsa anawapatsa timapiritsi toyera toti amwe masiku ochepa. Timapiritsito tinawabwezera chilakolako cha chakudya, masaya n'kudzaza, moti amayi a Mvano atabwera kudzawazonda anati, "Getu, manja ako ngodala! Taonani mmene anenepera!" Timapiritsito titatha, ndinapita ndi kapaketi kake kwa wogulitsa mankhwala wina pamsika, ndipo ndakhala ndikuwamwetsa mpaka mwezi uno. Za shuga wawo sindinaganizeko. Ndinkafuna mukaona zithunzi muziti mlongo wanu akusamala.

Kenako mphuno inatsekeka mbali imodzi, n'kumatuluka zakuda. Tinawafunditsa bulangete pa nthunzi ya masamba a bulugama. Tsaya litatupa tinati ndi dzino. Lamlungu diso lakumanzere linatuzuka.

Adokotala akuti ndi matenda onga chuku cha chimanga chonyowa. Chamera m'kati mwa mphuno chifukwa mapiritsi aja, pamodzi ndi shuga, anafooketsa chitetezo cha m'thupi. Atafunsa kuti anamwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndinanena zoona. Sanandikalipire, anangoti, "Chemwali, disoli tikapanda kulichotsa, matendawa alowa mu ubongo. Nthawi yodikira palibe."

Amayi akana. Akuti, "Chimwalirire amalume anu, mwinimbumba ndi Lyford. Iwe Getu sungandisainire diso langa ngati ukulandira feteleza. Anene yekha, ndimve ndi khutu langali."

Achimwene, kwa Mulungu ndalapa, ndipo inu mudzandikalipire pambuyo pake, ndidzalandira. Koma chonde imbani madzulo ano, muwauze avomere. Wina aliyense sakumumvera, ngakhale abusa ayesa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi khanda lanu Thoko. Amayi akuti mutumize chithunzi chake msanga, amuone ndi maso onse awiri. Sindinawatsutse, ngakhale lakumanzerelo linasiya kale kuona. Foni ikhala m'manja mwanga, pambali pa bedi lawo.

Ndine mlongo wanu,
Gertrude