Chalimbana wa mbewu

Lachiwiri

Ivy 08:14
achimwene katundu ndalandira ku depot. koma mtedza wonsewu ndi wokazinga?? wothira ndi mchere womwe

Mateyo 08:31
eya amayi anakazinga okha dzulo. akuti mwana wanga ali ku lab ku Lilongwe, ndimutumizire wosakazinga ngati ndi mbewa?

Ivy 08:32
mayo ine. ndinanena kuti OSAKAZINGA

Mateyo 08:33
ndinawauza. anati ukungochita manyazi

Ivy 08:40
🎤 voice 0:52
mvetserani achimwene. mu mtedza muli protein ina, lectin. imagwira ma protein okhala ndi shuga, enawo nkumadutsa, ngati sefa. ine ndapanga yangayanga, timati ligand, ndaimata mu column, kapaipi kagalasi. Lachisanu a supervisor akufuna aone ngati yangayo ikugwira mofanana ndi ya mumtedza. tsono moto umapha lectin. ndilibe chofanizira, project aitseka

Mateyo 08:47
ndamva theka. kagule pa msika

Ivy 08:48
sizitheka. ma test onse ndinapangira chalimbana wa mmunda mwathu ku Guilleme. ndikasintha ndiye kuyambiranso chaka chonse. komanso pamafunika ndowa yathunthu

Mateyo 09:15
wina uja tinagulitsa kwa ma vendor a ku border. watsala wa mbewu basi, ndowa imodzi yomweyo

Ivy 09:15
ayi. umenewo musaukhudze. amayi musawauze plz, ndiona chochita

Lachitatu

Mateyo 06:50
mvula yagwa kuno. yodzalira yeniyeni

Ivy 06:58
kadzaleni msanga

Ivy 10:20
mwadzala?

Ivy 12:41
achimwene??

Mateyo 13:30
usakwiye. voice yako ija ndinaitsegulanso pakhonde kuti ndimvetse. amayi anali pambuyo panga

Ivy 13:30
ndiye

Mateyo 13:34
🎤 voice 0:19
Ivy, ndine mai ako. ndakulakwira mwana wanga, sindimadziwa kuti moto ukupha ntchito yako. wa mbewu uja ndakutumizira. uwu sindinaukhudze, ngakhale mchere. wakwera minibus ya ku Lilongwe

Ivy 13:35
AYI. aimbireni conductor autsitse!!

Ivy 13:36
📞 missed call

Ivy 13:37
📞 missed call

Ivy 13:39
mudzala chani chaka chino? mtima ukundiwawa ine

Mateyo 14:52
yadutsa kale pa Namitete. amayi ali kumunda. mizere anakonza kale, angokhala pachulu kuonerera aneba athu a Luwiza akudzala kwawo

Ivy 14:53
apatseni foni

Mateyo 15:20
akana. akuti uwaimbire Lachisanu, amve ngati chagwira