Ndowa Ziwiri ndi Kasefa ka Apongozi

Lolemba, 6 Okotobala

Dziwe lachitatu layamba kutuwa. Sabata yatha linali biriwiri ndi ndere. Ndere ndi zimene zimatsuka madzi a suweji tisanawatulutsire kumtsinje, zikatha kumatsala fungo lokhalokha. Ndatunga m'mbali mwa udzu, mayo ine, mphutsi za udzudzu piringupiringu! Zikundidyera ndere, ndikulumbira.

A Tayi, abwana athu osavula tayi ngakhale kutenthe chotani, akuti, "Mayi, kachilombo kochepa ngati singano kangamalize dziwe? Mwangolakwitsa poyeza." Akuti Lachinayi la sabata yamawa athira oyilo wakale wa galimoto m'dziwemo kuti aphe udzudzu, ine andichotsa pamaiwe. Oyilo apha mphutsi, inde, koma atchinganso dzuwa, ndere n'kufa zonse. Ndafotokoza mpaka malovu kuuma. Iwo amangoyang'ana foni.

Lachiwiri, 7

Umboni ndiupeza ndekha. Ndowa ziwiri za madzi obiriwira a dziwe lachiwiri. Ina ndasefa, ina ndathiramo mphutsi zodzadza chivindikiro cha botolo. Ofesi yathu ilibe zenera lolowa dzuwa, choncho ndabwera nazo kunyumba, zili pakhonde. Pamwamba ndamanga neti yakale.

Apongozi, mphuno atatsina: "Anzanu amabwera ndi buledi kuchokera kuntchito, inu mwabweretsa za kuchimbudzi?" Ndangoti zikomo amayi.

Lachisanu, 10

Ya mphutsi yatuwa, inayo biriwiri! Ndafuna kujambula, kamera ya foni yanga yosweka ija ikungoonetsa chifunga. Zilibe kanthu, Lolemba ndikawaonetsa a Tayi ndi maso awo.

Lamlungu, 12

Pobwera kutchalitchi ndapeza neti yayanikidwa pachingwe, ndowa mulibe mphutsi ndi imodzi yomwe. Apongozi akhala pampando, mtima uli m'malo. "Ndazichotsa zonse ndi kasefa ka tiyi. Mdzukulu wanga wangochira malungo, inu n'kumaweta udzudzu pakhomo?"

Masiku asanu athera m'kasefa ka tiyi! Ndinafuna kukuwa. Koma ndikanati chiyani, poti za mwanayo akunena zoona. Bambo ake mwana, m'malo mondithandiza, angofunsa ngati tiyi wam'mawa anasefedwa kasefako kasanalowe m'ndowa kapena ayi.

Lolemba, 13

Mgolo wa oyilo wafika. Ndangoudutsa. Ndatopa nazo ine.

Lachitatu, 15

Ndimati ndikataye madzi aja, apongozi akundiletsa. "Taonani kaye. Chichotsereni tizilombo tija, ndowa yanu yotuwa ija yayambanso kubiriwira." Ndasuzumira. Zoonadi, pafupifupi yafanana ndi inzake! Ndakhala pansi pompo. Umboni woposa umene ndimaufuna, koma wauona kuyambira pachiyambi ndi munthu mmodzi yekha, yemwe uja wondinyoza.

Lachinayi, 16

Apongozi avala nsapato zawo za kutchalitchi, tapitira limodzi, aliyense ndowa yake. Tapeza mgolo atautsegula kale.

A Tayi anayamba zoti alendo saloledwa. Apongozi sanawapatse mpata. "Mwana wanga, ine sukulu sindinapite, koma maso ndili nawo. Iyi inatuwa, ndinasefa, yabiriwira. Mpongozi wangayu si wabodza." Aka n'koyamba kuwamva akundiikira kumbuyo.

Abwana anayang'ana ndowa, anayang'ana dziwe, anamasula tayi pang'ono. Kenako auza anthu atseke mgolo, akatenge zikwakwa ayambe kutchetcha udzu wa m'mbali umene mphutsi zimabisalamo.

Pobwerera apongozi akuti ndiwagulire kasefa kena. Kakale kaja ndi ka kuntchito kwanga tsopano.