Mitengo ya Pagolo pa Bwalo la Ndege

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumudziko pamodzi ndi amayi. Kuno ku Matepatepa tilipo, ndipo alamu anu a Nabanda atuluka m'chipatala ku Harare.

Koma pobwera panali zoopsa. Bwana wa pafamu pano anawatenga pa kandege kake, tsiku limene kunagwa chifunga choti ngakhale mnzako ali pafupi sungamuone. Kandegeko katayamba kulira m'mwamba, foromani anati, "Musade nkhawa, bwana amatera poyang'ana mawotchi a m'katimo."

Ine ndinafunsa kuti, "Nanga mawotchiwo amaona mitengo ya pagolo?" Paja pabwalo la ndegepo m'pamene timasewerera mpira Lamulungu, ndipo dzulo lake, ndi chisangalalo chopambana, palibe anakumbukira kuzula mitengoyo.

Achimwene, chibadwire sindinathamangepo chonchija. Tinazula wotsiriza matayala ali pafupi kugunda pansi. Alamu anu anatsika akumwetulira, n'kundifunsa kuti matope onsewa ndawatenga kuti. Mpaka lero sindinawayankhe.

Muwauze amayi athokoze Mulungu, koma za mitengozi zithere kwa inu. Ambuye akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Lasitoni