Khadi la Apongozi

Lolemba, 3 Malichi

Madamu, akulu a sukulu yathu, andiitana ku ofesi ana atangoweruka. Nkhani yake: pa 17 a zaumoyo akubwera kudzayendera sukulu zonse za mkaka. Lamulo latsopano. Khitchini iliyonse ikhale ndi munthu wa satifiketi ya ukhondo wa chakudya, pepala pakhoma, mwini wake pamphika. Khitchini ya pasukulu pathu ndi ine ndekha. Akuti: “Likapanda kupezeka pepalalo, mayi, ndifuna wina amene ali nalo. Si ine, ndi lamulo.” Ndaphikira ana amenewa kuyambira sukulu ili ndi kalasi imodzi, palibe anatsegulapo m’mimba. Lero akufuna pepala.

Mayeso ake ndi a pa intaneti. Andipatsa nambala yolowera, imodzi yokha, akuti anaigula modula ndisaiseweretse. Foni yanga ndi ya mabatani. Ya bamboyu galasi linasweka kalekale. Ndiye ku laibulale, makompyuta ndi aulere.

Kunyumba ndangotchula mawu oti ukhondo, apongozi akhosomola. Chibwerereni kudzachiritsa mwendo, ntchito yawo ndi kupititsa chala pa alumali yanga n’kuchiyang’anitsitsa. Mwendo unapola. Za ulendo wobwerera kwawo sizikumveka.

Lachiwiri, 4 Malichi

Laibulale. Zaka zonsezi kumangoidutsa. M’kati muli zii, nsapato zanga zokha kulira. Wolandira anthu ndi mayi wamagalasi, chala sichichoka pamlomo, shh uku, shh uko. Ndawatcha Mayi Chala. Andipangira khadi, pachithunzi ndatuluka ngati andigwira ndikuba. Malamulo: khadi limodzi, ola limodzi patsiku. Ola likatha kompyuta imadzitseka yokha n’kufufuta zonse.

Theka la ola lathera pa mausi. Kamuvi kothawathawa, ndikakafuna kali pakona. Ndanyamula mausi n’kuilozetsa pa sikirini, mkulu wina wa pampando wa nyuzipepala waseka mpaka kutsamwa. Kenako kulemba dzina. Mabatani opanda dongosolo, A uku, B kutali uko, wopanga ayenera kuti anali atalawako. Vidiyo yoyamba itangoyamba, mzimayi akusamba m’manja, sikirini bii. Ola latha.

Lachinayi, 6 Malichi

Zoipa ndazidziwa lero. Asanakupatse mafunso uyenera kuonera mavidiyo onse, osadumpha ngakhale imodzi, ndipo mavidiyo okhawo amaposa ola. Ukadukiza, yambiranso. Ndiye tsiku lililonse ine ndi mzimayi wosamba m’manja uja. Ndikumudziwa tsopano kuposa mng’ono wanga. Ali ndi kachipsera pachala chachikulu. Sopo amawononga kwambiri, zikuoneka kuti sagula yekha.

Ndadandaulira Mayi Chala. Akuti si iwo, ndi makina. Masiku ano lamulo lilibe mwini. Koma mtima ali nawo, andibwereka buku la ukhondo, lalikulu, kubweza pakatha milungu iwiri, osalinyowetsa. Kuzizira koyenera kwa firiji. Thabwa la nyama yaiwisi lisakhudze masamba. Zotsala zisagone panja. Zambiri ndimachita kale, kungoti sindimadziwa kuti zili ndi mayina.

Apongozi alipeza patebulo. Kuwerenga kumawavuta, angoona zithunzi. Akuti: “Bola wina wakuuzani.” Ndameza mawu. Anali owawa.

Loweruka, 8 Malichi

Nzeru: bamboyu akatenge khadi lake, ola langa likatha tilumikize lake. Anakana kaye, akuti iye ndi wowotcherera zitsulo, ku laibulale kumapita anthu osowa chochita. Ndinamukumbutsa kuti lendi imatuluka mumphika wa kusukulu. Anavala nsapato.

Nzeru yabodza. Ola langa litatha kompyuta inafufutabe zonse, khadi lake linatsegula poyambira. Ndinati chabwino, ndiyambirenso. Bamboyu osasuntha pampando! Wapeza mpira wakale, womwe unaseweredwa tisanakwatirane, wavala zam’makutu zija, pakamwa yasa. Kenako “Chigoliii!” laibulale yonse kudzidzimuka. Chala cha Mayi Chala mpaka kunjenjemera. Chigoli chimene anachiona kale ali mnyamata.

Potuluka wabwereka buku la kaweta nkhuku. Nkhuku tilibe. Njira yonse kundiuza kuti malo aja ndi abwino, ndinachedwa kumuuza.

Lolemba, 10 Malichi

Madamu alowa m’khitchini ndi msuweni wawo, mtsikana wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Akuti akungomuonetsa sukulu. Mtsikanayo maso pa miphika yanga, kutsegula firiji, kutseka. Ali nalo pepala, ndamva kwa aphunzitsi. Ndachita mantha enieni. Atsikana anga awiri ali pasukulu, kuwotcherera kwa bamboyu kumabwera mwa apo ndi apo. Ntchito iyi ikapita tagwa tonse.

Masana ku laibulale, mzimayi wanga wosamba m’manja, sikirini bii. Misozi inatsika yokha. Mkulu wa nyuzipepala uja anasendera pafupi, kunong’ona kwake komveka mpaka pakhomo. Akuti khadi la okalamba limapereka maola atatu, chifukwa zala zawo n’zochedwa. Lake sangandithandize nalo, a laibulale analitseka chifukwa anataya buku la eni ake. Akuti: “Mulibe nkhalamba kunyumba?”

Ndili nayo.

Lachiwiri, 11 Malichi

Tsiku lonse kuyeseza mawu ndikusenda mbatata. Madzi akafika m’khosi, manyazi umawaika pambali. Madzulo ndawapangira tiyi wa mkaka, shuga wosayeza, ndakhala pansi pafupi ndi mapazi awo. Ndafotokoza zonse. Anamwa tiyi yense kaye, pang’onopang’ono, kundisiya ndikuuma. Kenako: “Ndiye kuti ukhondo wapanyumba pano ukudikira ine.” Ndinati eya, amayi. Lilime silinagwe.

Avomera. Akuti ndiwasitire diresi la kutchalitchi.

Lachitatu, 12 Malichi

Tsiku lake. Diresi la kutchalitchi, chikwama, ambulera kopanda mvula. Chithunzi cha pakhadi anajambulitsa kawiri, choyamba akuti chawakalambitsa. Mayi Chala anatichenjeza: khadi ndi la agogo, ntchito ikhale ya agogo, ine ndingowathandiza kudina. Akatipeza tikuchita zina atilanda makhadi tonse.

Titalowetsa khadi, dzina lawo linatulukira pa sikirini, zilembo zikuluzikulu. Dzina lawo amalidziwa. Analoza ndi ambulera n’kuuza chipinda chonse kuti makinawa akuwadziwa. Shh.

Ndinalemba nambala ya Madamu. Kenako mayeso akufunsa dzina la wolemba. Mayi Chala ali chilili kumbuyo kwanga, akukonza mashelefu osasokonekera. Pamwamba pa sikirini dzina la apongozi, ine ndilembe langa pansi? Ndinalemba lawo. Ndinati ndisintha kumapeto, akachoka.

Mavidiyo onse tinaonera, mpaka ena amene sindinawaonepo. Apongozi anamukonda mzimayi wosamba m’manja, akuti ameneyo ndiye analeredwa. Kenako mafunso. Ine kuwawerengera mayankho onse motsitsa mawu, iwo kusankha mokweza. Nkhuku yophika yagona kunja kwa firiji, utani? “Inunkhizeni!” Chakudya chagwa pansi? “Uzirani, dothi silipha.” Wophika ali ndi chimfine? “Aphike, mphika ukudikira ndani?” Ine mutu kugwedeza, eya amayi, chala kudina za m’buku. Thukuta mpaka kumsana.

Takhoza! Sikirini yobiriwira. Apongozi anaimirira n’kudziwombera m’manja, mkulu wa nyuzipepala anawathandiza. Pulinta yatha inki, Mayi Chala asunga pepala lathu pa kompyuta yawo, tibwere mawa. Ndafika kunyumba ndikuimba. Ndiyenera kuti ndaiwala kanthu, koma sindikukumbuka kuti n’chiyani.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndakumbuka.

Pulinta inatafuna pepala loyamba. Lachiwiri linatuluka la mizeremizere, ndinalipirabe. Lachitatu loyera, lofunda, chidindo chagolide pakona. Pakati penipeni dzina la apongozi. Mayi Chala anayesa uku ndi uku, akuti dzina silisinthika, ndipo nambala ya Madamu yatha ntchito, ina amagulitsa mwezi wamawa. Anandiyang’ana pamwamba pa magalasi. Adziwa zonse. Chala chinakhala m’thumba.

Ndinafuna kuling’amba pomwepo. Potembenuka, lili m’manja mwa apongozi, aligwira m’mphepete kuopa kulidetsa. Anapempha Mayi Chala awawerengere. Anawerenga. Akuti abwerezenso. Kenako apongozi anatsitsa mawu, koyamba chibwerereni. Akuti: “Ine pepala la dzina langa ndimadziwa la kuchipatala lokha.” Sukulu anawasiyitsa ali aang’ono kuti alere azichimwene awo. Sindimadziwa. Zaka zonsezi m’banja muno sindimadziwa.

Ndawagulira kapulasitiki kolisungira. Ine ndemwe! Pobwerera analinyamula pachifuwa, ambulera ndinanyamula ine.

Lachisanu, 14 Malichi

Madamu ataona dzina papepala anaseka mpaka kuvula magalasi. Atatha kuseka, mutu unayamba kugwira ntchito. Lamulo likuti pepala pakhoma, mwini wake pamphika. Silikunena zaka. Ndiye Lolemba apongozi avale epuloni, akhale wophika wamkulu, ine wowathandiza. A zaumoyo akakhutira, mwezi wamawa andigulira nambala ina, ntchito ndi yanga. Akapanda kukhutira, msuweni wa zikhadabo ayamba Lachiwiri.

Ndili pakhomo anawonjezera: “Paja amafunsa mafunso anthu aja. Koma si anakhoza agogowo?”

Wowathandiza. M’khitchini mwanga.

Loweruka, 15 Malichi

Bamboyu wawotcherera pepala lija fulemu yachitsulo, yolemera moti msomali woyamba unazuka ndi pulasitala. Mayi ake sanamuonepo akugwira ntchito mwachangu chonchi, ngakhale ine. Oyandikana nawo abwera kudzaona. Apongozi pampando, kufotokoza mmene anagonjetsera makina. Akuti mpongozi wawo anathandizako pa zodinadina.

Ndawayesa mochenjera tikutsuka mbale. Amayi, paja nkhuku ikagona kunja kwa firiji? “Inunkhizeni. Si ndinakhoza nalo limenelo?” Mbale inatsala pang’ono kundipulumuka.

Basi, ntchito yapita. Kuti ndiwaphunzitse zoona, ndiyenera kuwauza kuti mayankho awo onse ndinawataya, kuti pepala lija sanalikhoze. Ndinatsegula pakamwa kawiri. Ndikaona mmene akulipukutira ndi nsonga ya diresi, mawu kubwerera. Ndauza bamboyu, akuti ndisadandaule tidzaweta nkhuku. Ndamuyang’ana mpaka watuluka panja.

Mutu ukuwawa. Sopo watha. Mtima wanga ndi wopusa, munthu amene wandinyoza chilowereni m’banja ndikuopa kumukhumudwitsa.

Lamulungu, 16 Malichi

Titabwera kutchalitchi ndinakhala ndekha m’khitchini, osaphika, kungoyang’ana khoma. Chitseko kutseguka. Apongozi, buku la ku laibulale lili m’khwapa. Anatseka chitseko n’kuchitsamira.

Ndilembe mmene ananenera, ndisadzaiwale. “Amake atsikana, maso angawa ndi okalamba koma kamuvi kaja ndimakaona. Za kununkhiza munandiwerengera poyamba, kamuvi kanapita pa yankho lachitatu. Mafunso onse chimodzimodzi.” Amadziwa! Kuyambira Lachitatu, akuwomba m’manja muja, amadziwa. Ndinasowa poyang’ana.

Anaika buku patebulo. Akuti pepala lokha ndiwasiyire, alikonda. Koma ntchito ndi yanga, adzukulu awo amadya pamenepo, iwo sakaitaya ndi pakamwa pawo. “Khalani pansi mundiphunzitse. Mwana wangayo asamve.”

Ndinalira. Anandiuza kuti ndisanyowetse buku la eni ake.

Tadutsa firiji. Tadutsa matabwa, lofiira nyama, lobiriwira masamba, agwira msanga kuposa ine. Chimfine tinakangana, avomera monyinyirika. Kununkhiza akuti asiya mawa lokha, mphuno yawo sinanamepo. Epuloni yanga yawathina m’chiuno, ndamasula msoko. Mtima udakali m’mwamba, sindikudziwa kuti anthu aja akafunsa chiyani, ndipo apongozi akapanikizika amayankha ndi funso. Zotsala sitinayambe, kuzizira kwa firiji akusokonezabe manambala, ndipo ngati

Akundiitana. Akuti: “Aphunzitsi, tiyi wazizira, bwerani tibwereze.”