Dzino Lowokera

Lolemba, 4 Malichi 1968

Njinga yandichititsa manyazi lero. Pochokera ku komboni ya Kwacha kuno ku Kitwe, mbuzi inandidutsa kutsogolo, ine pansi khu! Podzuka, dzino langa lakutsogolo lili m'fumbi, lathunthu ndi muzu womwe. Ukwati wanga ndi Gwen uli pa 6 Epulo, wojambula zithunzi tinamuuza kale.

Ndinalitola n'kuthamangira kuchipatala cha mgodi. Dokotala wa mano, mmwenye wamfupi woseka msanga, analitsuka, n'kulibwezera m'dzenje lake ngati mbande ya fodya, n'kulimangirira ku anzake ndi waya. Akuti pa 29 achotsa wayayo. Likagwira lagwira, likakana alizula. Sindinkadziwa kuti dzino amawokera.

Lachinayi, 7 Malichi

Phala m'mawa, phala masana, phala madzulo. Munthu wogumula miyala pansi pa mgodi!

Lamlungu, 10 Malichi

Gwen wabwera pa basi kuchokera ku Ndola. Atandiona anaseka mpaka misozi: "Ba Fanuel, akumangani monga khola la nkhuku!" Akuti akwatiwa nane ndithu, dzino likhalepo kapena ayi. Koma azakhali ake, a Dainess, atumiza mawu kuti likachoka, pa chithunzi ndidzatseke pakamwa. Ine kutseka pakamwa pa ukwati wanga? Mtsikana ameneyu ndamudikira zaka zitatu, ndikufuna Kitwe yense aone kuti ndakondwa.

Lachitatu, 20 Malichi

Kuchipatala anandijambula ekisireyi. Ndinafunsa ngati lagwira. Sista Philomena, amene amatimasulira, anati chithunzi chikuonetsa kuti fupa silinaole, koma za kugwira sichinganene msanga. Kuligwedeza nakonso sikuthandiza chifukwa waya walimanga. Ndiye sukulu yonseyo alibe poyesera?

Ife pansi pa mgodi poyesera tili napo. Usanalowe malo ophulitsidwa umagogoda denga ndi mgwala, chitsulo chathu chachitali chija. Likalira ngwee, mwala ndi wolimba, lowa. Likati du du, wasiyana ndi unzake, thawa. Zaka naini khutu langa silinandinamizepo.

Nditafika kunyumba ndinatenga supuni ya tiyi n'kugogoda dzino pang'ono. Du du.

Lolemba, 25 Malichi

Supuni ndikuyenda nayo m'thumba. Tsiku lililonse du du yemweyo. Titaweruka ndinapempha Absalom, mnzanga wa pa shifiti, kuti amvereko. Anagogoda, n'kupendeketsa mutu ngati tili pansi. "Mune, ili lasila," anatero m'chiyankhulo chakwawo, ndiye kuti mnzanga, ili latha. "Kugwetsa chabe."

Sanalakwe. Mwala wolira choncho suudikira, umaugwetsa wekha usanakugwere. Ndikuganiza likuthothoka ndili pamaso pa abusa, ndikunena malumbiro. Bola lichoke Lachisanu, chiseyeye chipole. A Dainess apambana. Zandiwawa kwambiri.

Lachisanu, 29 Malichi

Dokotala atangodula waya ndinati, "Zulani, bwana, ndayesa kale." Anandiyang'ana. Ndinatulutsa supuni n'kufotokoza zonse za mgwala, Sista akumasulira uku akuluma mlomo kuti asaseke.

Dokotala sanatsutse. Anatenga chogwirira cha kagalasi kake n'kuti nditchere khutu. Anagogoda dzino lowokeralo: du du. Linzake la pambali, limene silinagwepo: du du. Lotsatira: du du. Anayenda nawo mkamwa monse mpaka ku zibwano. Sista anati, "Akufunsa ngati azule onse."

Masiku naini ndikugogoda dzino limodzi, osaganiza zoyesa anzake!

Akuti dzino lamoyo silikhala pa fupa mwachindunji, pali kamnofu kopyapyala pakati, n'chifukwa chake limalira mogontha. Lowokera likalira ngwee ngati mwala wanga wabwino uja, ndiye kuti lamatirira ku fupa, ndipo iye ndi pamene amada nkhawa. Kenako analipana ndi zitsulo ziwiri n'kuligwedeza. Linasuntha pang'ono chabe, mofanana ndi anzake.

Ndinafunsa ngati watsimikiza. Anati kugogoda pakokha sakukhulupirira, kugwedeza pakokha ayi, chithunzi pachokha ayi, koma lero zitatuzo zikunena chimodzi. Ndidzabwerenso mu Juni. Nzimbe ndi chimanga chootcha ndiiwale kaye. Supuni Sista walanda, akuti aziigwiritsa ntchito yake ya tiyi.

Absalom ndinamugogodetsa ake omwe ndi msomali. Du du.

Loweruka, 30 Malichi

Ku Ndola. A Dainess anandiyika pa mpando panja, padzuwa, kuti aone bwino. Gwen anasenda nthochi n'kundipatsa. Masabata anayi ndakhala ndikutafunira cham'mbali ngati ng'ombe. Ndinaluma ndi kutsogolo.

Pa nthochi panatsala mizere ya mano awiri, yolingana bwinobwino. Gwen anandilanda n'kukaiyika m'manja mwa azakhali ake.

Pobwerera ndadzera kwa wojambula uja. Ndamuuza kuti Loweruka la ukwati adzayime pafupi.