Tsogolo la Matewera

Lolemba, 3 Malichi

Ntchito yatsopano: matewera otaya. Kampani yowapanga ikufuna tiwerengere mmene thewera limodzi limawonongera chilengedwe, kuchokera kufakitale mpaka kudzala. Osati lero lokha, komanso zaka makumi awiri zikubwerazi. Abwana aponyera ine. "Si muli ndi khanda inu? Nkhaniyi mumaidziwa ndi mphuno." Aseka okha.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndakonza zithunzi zitatu za m'tsogolo. Choyamba, zinyalala zonse zikutoledwa n'kuwotchedwa kuti zipange magetsi. Chachiwiri, zinthu zili ngati lero. Chachitatu, mvula yochepa, mipopi youma.

Pobwerera, ngalande ya pakona yatsekekanso. Matewera okhaokha, otupa ngati achule akufa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Abwana akuti lipoti likhale ndi chithunzi choyamba chokha. Galimoto ya zinyalala sinafike kwathu chibadwire mwanayu, ndiye ine ndisayine kuti idzafika khomo lililonse? Ndafunsa kuti ng'anjo yowotcherayo adzamanga ndani. "Tsogolo palibe analionapo, mayi. Tisankhe lokoma."

Sukulu yonse ija kuti ndidzakhale wolosera wa pamsika!

Lachitatu, 12 Malichi

Apongozi apeza paketi ya matewera omwewo pansi pa bedi. "Ana asanu ndinalera ndi nsalu, palibe anafa." Zoona. Koma ndizichapa nthawi yanji? Bambo a mwana maso pafoni. Ndinafuna kuwagenda ndi thewera lonyowa.

Lolemba, 17 Malichi

Ndamaliza chachitatu. Madzi akasowa, matewera ansalu ndiwo akuwononga kwambiri: ochapira, otsukuluzira, moto wowiritsira. Ndabwereza katatu. Chimodzimodzi. Ndivomere pano, poti palibe awerenge: ndimafuna kampaniyo igwe ponseponse. Manambala alibe m'bale.

Lachiwiri, 18 Malichi

Ndawaonetsa abwana, chifukwa ndikabisa ndikhala ngati iwo. Nkhope waliwali. "Chilala chatiombola!" Munthu wamkulu, wa adzukulu, kukondwerera chilala.

Tsopano akufuna choyamba ndi chachitatu. Chachiwiri chichoke. Chomwe tikukhalamochi! Ndawauza kuti zonse zitatu, apo ayi dzina langa lichoke palipotilo. Sanadzutse n'komwe mutu. "Lichoka."

Lachisanu, 28 Malichi

Lipoti latuluka. Zithunzi ziwiri, chikuto chobiriwira. Wasayina ndi mnzanga wa desiki yapafupi, yemwe sanatsegulepo ngakhale fayilo imodzi. Tinayamba ntchito tsiku limodzi, timagawana tiyi. Sabata yonse iye maso pansi. Ine abwana andikankhira ku ntchito ina, yowerengera mabotolo.

Masana, abwana atatuluka, mnzanga uja wabwera mwakachetechete. Akuti a kampani akubwera Lolemba ndi mafunso, iye sakudziwa poyambira. "Achemwali, ndithandizeni, ndiyaluka."

Mtima unati mleke ayaluke. Ndamuyang'ana nthawi yaitali, mpaka wayamba kubwerera m'mbuyo.

Ndamuuza akoke mpando. Ndayambira chithunzi chachiwiri, chomwe anachichotsa chija.