Makutu a Mkamwini

Lolemba, 3 Malichi
Magetsi kulibe, mpopi gwa. Mkamwini Itai wayimbanso kuchokera ku Gokwe, kufuna mkazi ndi mwana. Ndamuuza kuti mwana wanga Enala ali ku Joni, akusambitsa agalu a mzungu. Bodza losalala ngati dazi langa. Enalayo ali kukhitchini kwanga, diso likadali lotupa. Itai ati anapereka roora, malowolo a kwawo, ndiye mwana ndi wake. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ng'ombe zakezo zinali za msinkhu wa mbuzi.

Lachinayi, 6 Malichi
Mdzukulu wanga Anotidaishe, mwana wa Enala, mutu pafoni, tizingwe m'makutu, kuwomberana mfuti ndi anthu osawaona. Wina dzina lake Shumba, ati amamugulira zovala za m'gemumo. Zovala zoti sungavale, sungachape. Kale wopatsa mwana mphatso ankayamba waodira pakhomo. Madzulo ndachita sewero la Itai ataledzera, akupepesa mbuzi poyesa ndi apongozi. Enala waseka koyamba chibwerereni.

Loweruka, 8 Malichi
Kumashopu mwana wa neba wanga Yunesi wandipatsa moni ndi mawu a m'sewero langa lija. Wawamva kuti? Ati m'gemu, foni ya Ano imamva zonse za m'nyumba. Kutsokomola kwanga, ndi zina zotuluka kumunsi, komboni yonse ya Rutendo ikuzidziwa. Nyumba iyi ndinaipeza ndi thukuta la ku ng'anjo ya zitsulo. Ndinaika geti, loko, galu. Anthu akulowera pa kabowo kochepa ngati ka singano. Anapanga zimenezi alibe amawo?

Lamulungu, 9 Malichi
Uthenga wa Itai. Mawu anga omwe, mbuzi ndi zonse, kumbuyo kuseka kwa Enala. Pansi walemba: "Baba, Joni yenu ili pafupi." Shumba uja ndi iye. Ndi mutupo wake, chiwongo cha kwawo, ine chitsiru ndinaumva pa tsiku la roora akuwomba m'manja. Munthu wamkulu, wa ndevu, kubisala m'masewera a ana. Akubwera Lachisanu ndi abale ake kudzatenga mwana. Kutchalitchi sindinapite, ndikanatukwana pa guwa.

Lachiwiri, 11 Malichi
Enala wamanga katundu. Akabisala kwa mlongo wanga Rosina ku Lower Gweru, komwe netiweki amaikwerera pachulu. Foni ya Ano ndaikwirira m'chidebe cha ufa. Imvere anankafumbwe.

Lachitatu, 12 Malichi
Ndakhazika Ano pansi. Ndati mwanawe, anakupusitsa, Shumba ndi bambo ako. Wandiyang'ana osaphethira. "Sekuru, ndimadziwa. M'gemu sakalipa. Amandidikira ndikagwa."
Enala anali pakhomo, wamva.
Basi ya ku Lower Gweru ndi ya mawa m'mawa. Chikwama cha mwanayo chili pabedi, chopanda kanthu, ndipo wakana kuchikhudza.